Msilikali wa mufilimu amene akungomvera lamulo: ndi woipa kapena ayi? Mafunso ndi mayankho

Mkangano uwu umabuka kawirikawiri anthu akamatuluka mu vidiyo sho, kaya ndi pa Kamuzu Road, ku Senga Bay kapena ku Chipoka. Filimu yankhondo yatha, mwini filimu wapulumuka monga mwa masiku onse, koma pakati pa filimuyo panali kamnyamata kena ka yunifolomu kamene kanauzidwa kuti kawombere anthu a m'mudzi, ndipo kanawomberadi, manja akunjenjemera. Wina akuti kameneko n'kachigawenga, kanayenera kufa basi. Wina akuti ayi, kanangotumidwa. Kuno ku Salima nkhaniyi sikhala ya pakanema pokha, poti asilikali timakhala nawo. Sukulu yawo ya MAFCO ili konkuno, gulu la Parachute Battalion lili ku Senga Bay, ndipo pa anthu okanganawo sipalephera kupezeka wina amene mkulu wake kapena malume ake ali ku baraki.

Tiyankheni mosazungulira: ndi woipa kapena si woipa?

Kumvera lamulo pakokha sikuipitsa munthu, komanso sikumuyeretsa. Chofunika n'chakuti lamulolo linali lotani. Ngati anauzidwa kuti akalande phiri limene pali adani okhala ndi mfuti, iye n'kupita n'kukapha adaniwo, ameneyo ndi msilikali chabe, ngakhale atakhala wa mbali imene filimuyo ikufuna kuti tiziida. Koma ngati anauzidwa kuti afoletse amayi ndi ana m'mbali mwa dzenje n'kuwawombera, iye n'kuchitadi, ameneyo wapha anthu. Tingathe kumumvera chisoni, chilango chake chingathenso kuchepa, koma mlandu ali nawo.

Komatu ntchito ya msilikali ndi kupha. Tisiyanitsa bwanji kupha uku ndi uko?

Nkhondo nayo ili ndi malamulo ake, ngakhale kuti zikumveka ngati nthabwala. Mapangano a ku Geneva a 1949 amateteza ovulala, odwala, asilikali ogwidwa, ndi anthu wamba. Msilikali amene wawombera mdani yemwe akumenyana naye saimbidwa mlandu wakupha, ndipo akagwidwa amasungidwa ngati mkaidi wankhondo mpaka nkhondoyo itatha. Mdani yemweyo akataya mfuti n'kukweza manja, zinthu zasintha pomwepo. Kumuwombera tsopano ndi mlandu. N'chimodzimodzinso kuphulitsa chipatala, kuzunza wogwidwa kuti aulule, kapena kugwirira amayi.

Ndiye mukamaonera, yang'anani kumene mfuti yaloza. Mtundu wa yunifolomu ukupusitsani.

Kwathu timati wotumidwa alibe mlandu. Bwanji msilikali yekha?

Mawu amenewa amagwira ntchito pa wonyamula uthenga. Nyakwawa ikabwera kudzakuuzani kuti amfumu akukufunani ku bwalo mawa, simungaikwiyire, mawuwo si ake. Koma munthu akatumidwa kuti akatenthe nyumba ya mnzake usiku ana ali mtulo, bwalo lililonse la kumudzi limugwira iyeyo pamodzi ndi womutumayo. Palibe mfumu imene ingamumasule chifukwa chakuti machesi anachita kupatsidwa.

Nanga makhoti enieni anagamulapo zotani?

Apa ndiye pali zambiri, ndipo zambiri mwa izo mafilimu amazidumpha.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, akuluakulu a boma la Hitler anazengedwa milandu mumzinda wa Nuremberg, kuyambira mu Novembala 1945 mpaka pa 1 Okutobala 1946. Chikalata chokhazikitsa khotilo chinaneneratu kuti kuchita chinthu chifukwa cholamulidwa ndi boma kapena bwana sikuchotsa mlandu, kungathe kungoganiziridwa pochepetsa chilango. Wilhelm Keitel, mmodzi mwa akuluakulu a pamwamba a asilikali a Germany, anadziteteza ndi mawu omwewa, akuti iye anali msilikali womvera. Koma dzanja lake ndi limene linasayina malamulo monga lakuti msilikali mmodzi wa Germany akaphedwa m'madera olandidwa, aphedwe anthu 50 mpaka 100 pobwezera. Anaweruzidwa kuti afe. Anapempha kuti achite kuwomberedwa monga msilikali, anamukanira, ndipo ananyongedwa pa 16 Okutobala 1946.

Ena amati zimenezo zinali zongobwezera, opambana kuweruza ogonja. Pali kachoonadi pamenepo, chifukwa zoipa za mbali yopambana sizinafike pa bwalo limenelo. Koma mfundoyi siinayambire ku Nuremberg. Mu 1918 sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi ya Germany inamiza sitima yachipatala yotchedwa Llandovery Castle, kenako n'kuwombera anthu amene anathawira m'maboti opulumukira. Mu 1921 khoti la ku Germany komweko, ku Leipzig, linapeza akuluakulu awiri a m'sitima yankhondo ija olakwa n'kuwalamula zaka zinayi aliyense. Oweruza a kwawo omwe ananena kuti aliyense amadziwa kuti kupha anthu opanda chitetezo amene sitima yawamirira n'kulakwa, ndiye lamulo la kaputeni silingawabise.

Adolf Eichmann, amene ankayendetsa ntchito yotumiza Ayuda ku misasa yophera anthu, anagwidwa ku Argentina mu 1960, nkhondo itatha kalekale, akukhala ndi dzina lina. Mlandu suwola. Ku Jerusalem mu 1961 naye anati ankangomvera malamulo. Ananyongedwa mu 1962.

Masiku ano kuli khoti la ICC, loweruza milandu ikuluikulu ya padziko lonse, ku The Hague, ndipo Malawi anavomereza pangano lake mu 2002. Ndime 33 ya panganolo imati wolamulidwa angapulumuke pokhapokha zinthu zitatu zitakumana pamodzi: anali wokakamizika mwalamulo kumvera, sankadziwa kuti lamulolo n'lolakwika, komanso kulakwika kwake sikunali koonekeratu. Kenako imatseka khomo ponena kuti lamulo lopululutsa mtundu wa anthu, kapena lochitira anthu wamba nkhanza zazikulu, n'lolakwika moonekeratu nthawi zonse. Choncho woyendetsa ndege amene wapatsidwa mapu n'kuuzidwa kuti apa pali nkhokwe ya zida, pamene mabwana akudziwa kuti ndi sukulu, ali ndi podzitetezera. Amene akuona nkhope za ana patsogolo pake alibe.

Koma akakana samuwombera iyeyo? Mufilimu timaona bwana ataloza mfuti pamutu pake.

Zimachitika, ndipo n'zimene zimavuta kuweruza kuposa zonse. Mu Julayi 1995, pa nthawi ya kuphedwa kwa amuna ndi anyamata a ku Srebrenica m'dziko la Bosnia, panali msilikali wa zaka 23 dzina lake Dražen Erdemović. Iye mwini anauza khoti kuti atawiringula anauzidwa kuti ngati akuwamvera chisoni akaime nawo pamzere womwewo. Anawombera. Anavomera kuti mwina anapha anthu pafupifupi 70 tsiku limenelo. Oweruza a khoti la apilo anagawikana, atatu uku awiri uko, ndipo ambiriwo anati kuopsezedwa ndi imfa sikumasuliratu msilikali amene wapha anthu osalakwa. Komabe chifukwa anavomera yekha, anaonetsa kulapa, n'kuchitira umboni za ena, chilango chake chomaliza mu 1998 chinali zaka zisanu. Ngati oweruza ophunzira anagawikana chomwecho, ife a pa benchi ya vidiyo sho tisafulumire kulamula kuti kafe.

Chimene mafilimu amakokomeza n'kuchuluka kwa zoterezi. Pa 13 Julayi 1942, gulu lina la apolisi a Germany, Battalion 101, linafika m'tauni ya Józefów ku Poland kukapha Ayuda. Anali amuna pafupifupi 500, ambiri achikulire ndithu, a mabanja awo, ochokera ku Hamburg. Mkulu wawo, Wilhelm Trapp, anawauza ntchitoyo n'kuwonjezera kuti amene akuona kuti sangathe atuluke pamzere. Anatuluka anthu khumi ndi angapo okha, ndipo palibe anawaphera kukanako. Otsalawo anapha anthu pafupifupi 1,500 tsiku limenelo. Pa milandu yonse imene inazengedwa ku Germany nkhondo itatha, maloya oteteza analephera kubweretsa umboni wa msilikali ngakhale mmodzi amene ananyongedwa chifukwa chokana kupha anthu wamba opanda zida.

Ndiye chinawamanga n'chiyani? Manyazi pamaso pa anzawo, kuopa kutchedwa wamantha, kusafuna kusiyira anzako ntchito yonyansa iwe n'kukaima patali, ena kufuna kukwezedwa. Zinthu zazing'ono zomwezi zimene timazidziwa tonse ku ntchito. Kwa ine izi n'zoopsa kuposa bwana wa mfuti pamutu uja, ndipo mwina n'chifukwa chake opanga mafilimu sakonda kuzionetsa. Woonera amafuna kudziuza kuti iye akanakana.

Akanakanadi?

Mu 1961, pa yunivesite ya Yale ku America, Stanley Milgram anayesa zimenezi. Anthu wamba anauzidwa ndi munthu wovala ngati wasayansi kuti azimenya ndi magetsi munthu wina wa m'chipinda china akalakwitsa funso, mphamvu ya magetsi ikukwera pang'onopang'ono. Magetsiwo anali abodza, kukuwa kwa winayo kunali kongoyeserera, koma iwo sankadziwa. Mwa anthu 40, anthu 26 anafika mpaka pa mapeto, mavoti 450. Panalibe mfuti, panalibe ndende, ndipo chitseko chinali chosakhoma. Akatswiri akhala akutsutsana za tanthauzo la kafukufukuyu mpaka lero, koma n'kokwanira kutichepetsa matama.

Alipo asilikali enieni amene anakana?

Alipo. Pa 16 Malichi 1968 asilikali a America analowa m'mudzi wa My Lai ku Vietnam n'kupha anthu wamba, amayi, makanda ndi nkhalamba. Asilikali a America amati anafa 347, boma la Vietnam limati 504. Woyendetsa helikopita wina, Hugh Thompson, ataona zimenezi ali m'mwamba, anatera pakati pa asilikali anzake ndi anthu amene ankathawa, n'kuuza anyamata ake awiri a m'helikopitamo kuti akaona Amereka anzawo akuwombera anthuwo, awawombere. Anatulutsa anthu amene anabisala m'dzenje n'kuitanitsa ndege zina kuti ziwanyamule. Atabwerera kwawo ena anamutcha wogulitsa anzake, makalata omuopseza ankabwera. Mendulo yomuthokoza anadzalandira mu 1998, patapita zaka 30.

Wina ndi wa kuno ku Africa, Kaputeni Mbaye Diagne wa ku Senegal. Mu 1994 anali ku Rwanda pansi pa United Nations monga woyang'anira chabe, wopanda mfuti, ndipo malamulo a ntchito yake sankamulola kumakapulumutsa anthu wamba. Iye ankatenga galimoto yekha, n'kumanyamula anthu ochepaochepa, kudutsa nawo pa marodibuloko a zigawenga ndi nthabwala ndi ndudu za fodya. Anafa pa 31 Meyi 1994 bomba litaphulika pafupi ndi galimoto yake. Mendulo ya United Nations ya kulimba mtima kwapadera imatchedwa dzina lake, ndipo mu 2019 inaperekedwa kwa Mmalawi, malemu Chancy Chitete, amene anafa mu Novembala 2018 kufupi ndi Beni ku DRC akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala. A Chitete sanaphwanye lamulo lililonse, ankagwira ntchito imene anatumidwa. Ndikuwatchula kuti tisaganize kuti msilikali wabwino ndi wokana yekhayo.

Nanga bwanji mufilimu asilikali a adani akamafa timaombera m'manja?

Chifukwa kamera yatiuza kuti titero. Msilikali wa mbali ya mwini filimu amatipatsa dzina lake, chithunzi cha mkazi wake m'thumba, kalata imene sanamalize kulemba. Akafa nyimbo imasintha, filimu imayenda pang'onopang'ono, amayi ena mu sho amafika popukuta maso. Wa mbali inayo nkhope yake yabisika ndi chipewa, amayankhula chinenero chimene womasulira wathu sachilabadira, ndipo amagwa khumi pa chipolopolo chimodzi. DJ womasulira akaponyapo kakuseka kake, holo yonse ili gwegwegwe. Chonsecho mnyamata amene wagwa kuchokera pa nsanja uja sitinamuone akulakwa kalikonse. Anangoikidwa pa geti kuti alondere.

Palinso chinyengo china. Mwini filimu akagwira mdani n'kumuthyola zala kuti aulule kumene kuli anzake, timati ndi dolo. Mdani akachita zomwezo timati ndi Satana. Mwa malamulo a nkhondo onsewo apalamula mlandu wofanana. Ndipo tisaiwale kuti mafilimu ambiri ankhondo amene amafika kuno amapangidwa m'mayiko amene anamenya nawo nkhondozo, ndiye aliyense amakometsa kwawo.

Azigogo athu a Keyala anali mbali iti, yabwino kapena yoipa?

Funso limeneli limasokoneza onse okonda kugawa anthu pawiri. Asilikali a King's African Rifles (Keyala) ochokera ku Nyasaland anamenyana ndi Majeremani ku Karonga mu Seputembala 1914, n'kupitiriza kuthamangitsana nawo m'tchire la kum'mawa kwa Africa mpaka 1918, amtengatenga akusenza katundu kumbuyo kwawo n'kumafa ndi njala ndi matenda. Kumbali ya Majeremani nakonso ambiri ogwira mfuti anali anthu akuda. Pa nkhondo yachiwiri a kwathu anafika ku Abyssinia (Ethiopia), ku Madagascar, mpaka ku Burma kukakumana ndi Majapani. Chipilala cha ku Zomba chija n'chokumbukira asilikali a Keyala. Filimu itapangidwa ku Japan, gogo wanu uja ndiye akanakhala wogwa pa nsanja wopanda dzina.

John Chilembwe anaziona zimenezi nkhondo yoyamba itangoyamba. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a kuno akufera nkhondo imene si yawo, pamene olemera ndi eni minda ndiwo anayenera kupita. Sanadzudzule mnyamata wonyamula mfuti, anadzudzula omutuma.

Koma mfuti yomweyo ya boma la atsamunda ndi imene inalozedwa kwa anthu opanda zida ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959, atasonkhana pa doko kufuna abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Anafa anthu osachepera 20, ndipo ndi tsiku limene timalikumbukira chaka ndi chaka. Amene anawombera pamenepo nawonso anali ndi owalamula. Sindinamvepo Mmalawi akunena kuti poti analamulidwa ndiye palibe kanthu.

Mwana amene anabedwa n'kukakamizidwa kulowa gulu lankhondo, naye tizimutcha woipa?

Akadali mwana, ayi. Mlandu ndi wa amene anamupatsa mfuti, ndipo khoti la ICC silizenga munthu pa zimene anachita asanakwane zaka 18. Vuto limabwera akakula ali momwemo. Dominic Ongwen wa ku Uganda anabedwa ndi gulu la zigawenga la LRA la Joseph Kony ali mwana, akupita kusukulu. Anakulira m'tchire mpaka kukhala mmodzi mwa akuluakulu a gululo, naye n'kumaba ana a eni ake. Mu 2021 khotilo linamupeza wolakwa pa milandu 61 n'kumulamula zaka 25. Oweruza anaganizira ubwana wake umene unabedwa, n'chifukwa chake sanamupatse moyo wonse m'ndende, koma anati zimene anachita ali wamkulu anali ndi mpata wosankha. Ku Uganda komweko anthu sanamve chimodzi pa chigamulochi.

Ndiye msilikali azikambirana lamulo lililonse asanamvere? Gulu lotero lingamenye nkhondo?

Silingamenye, ndipo palibe akupempha zimenezo. Anyamata amene timawaona akuthamanga m'mawa mumsewu wa ku Senga Bay, thukuta lili kamukamu, akuphunzitsidwa kumvera msanga chifukwa zipolopolo zikamalira mphindi yofunsa "chifukwa chiyani" ingaphetse gulu lonse. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Malamulo ambiri amene msilikali amalandira m'moyo wake wonse ndi oyenera kumvera, ngakhale opweteka, ngakhale ooneka opusa, ngakhale otumiza ku imfa. Kukana lamulo loyenera ndi mlandu ku khoti la asilikali. Okanidwa ndi ochepa okha aja amene munthu aliyense wamutu wabwino angaone kuti ndi upandu.

Kuno kwathu taonapo kuti kumvera kwa asilikali sikupita kwa munthu mmodzi ayi. Malamulo oyendetsera dziko amawapatsa ntchito yoteteza malamulowo. Mu Epulo 2012, Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira ndipo ena akufuna kutsekereza wachiwiri wake, asilikali motsogozedwa ndi General Henry Odillo anaima ndi malamulo, Joyce Banda n'kulumbira. Pa zionetsero za 2019 anthu ankathawa utsi wokhetsa misozi koma ankayenda momasuka pambali pa magalimoto a asilikali.

Bwanji mafilimu ambiri amathera pa kamnyamata kowombera, wolamula uja osaoneka?

Chifukwa munthu wosayina pepala mu ofesi sakoma pa kanema. Koma malamulo amamufuna iyeyo kwambiri. Mkulu wa asilikali amayankha osati pa zimene analamula zokha, komanso pa zimene anyamata ake anachita iye akudziwa, kapena pamene anayenera kudziwa, osawaletsa kapena kuwalanga. General Tomoyuki Yamashita wa ku Japan ananyongedwa mu 1946 chifukwa cha nkhanza zimene asilikali ake anachita ku Philippines, ngakhale kuti panalibe umboni woti anazilamula yekha.

Izo ndi za papepala, komanso Yamashita anali wa mbali yogonja. Za My Lai zija zinatha mosiyana. Mwa onse amene anaimbidwa mlandu, wopezeka wolakwa anali mmodzi, Lefutenanti William Calley, amene mu 1971 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse chifukwa chopha anthu 22. Iye anati anatumidwa ndi kaputeni wake, Ernest Medina. Medina anakana, ndipo khoti linamumasula. Calley naye ndendeyo sanaikhale nthawi yaitali. Pulezidenti Richard Nixon analamula kuti akasungidwe m'nyumba yake ya ku baraki podikira apilo, chilango chinachepetsedwa kawiri, ndipo pofika 1974 anali mfulu.